Kabowo ka Kunkhongo

Masiku ano ndikakwera minibasi n'kukhala kumbuyo kwa mayi wobereka mwana, maso anga sapita pazenera. Amathamangira kunkhongo kwa khandalo, pakati penipeni, pamene pali kafupa kotukuka kaja. Ndimafuna kuona ngati pali kabowo. Tsiku lina mayi wina anandipezerera ndikusuzumira, anakoka chitenje n'kumuphimba mwana wake mutu wonse. Sindinamuone cholakwa. Nanenso munthu wachilendo atamuyang'anitsitsa mwana wanga chonchija ndingaganize zina.

Chizolowezi chimenechi anandisiyira ndi mwana wanga wachiwiri, amene kunyumba timangomuitana kuti Mami. Ali moyo, amathamanga, ndipo ndi wamakani kuposa mkulu wake. Ndayamba ndi zimenezi kuti muwerenge mtima uli m'malo.

## Chidindo cha kwawo

Anabadwa nako. Kabowo kakang'ono ngati pamene palowa singano yosokera matumba, khungu lozungulira lofiirira pang'ono, ndi titsitsi titatu tolimba totulukira m'kati mwenimweni. Ndinakaona tsiku loyamba kumusambitsa. Apongozi anga atakayang'ana anaseka n'kunena kuti, "Ichi n'chidindo cha kwathu ichi. Malemu agogo ake anali nacho pomwepa." Apongozi angawo amapeza chidindo cha kwawo pa mdzukulu aliyense, kaya ndi khutu, kaya chala chakuphazi, ndiye nanenso ndinangoseka.

Ku sikelo ndinkapita mwezi ndi mwezi osaphonya. Ankamuyeza kulemera, kumubaya katemera, kulemba m'kabuku. Mwana ankakhala atavala chipewa cha ulusi, ndipo palibe anandifunsapo za kunkhongo. Inenso sindinatchulepo. Ndikanatchula chiyani, chidindo?

Nthawi zina pankatuluka tinthu toyera ngati chambiko, tonunkha. Ndinkafinya ndi zala ziwiri, kupukuta, kupaka mafuta. Atakwanitsa zaka 2 panatupa ngati chithupsa. Pa chipatala china chaching'ono anaboola, anafinya mafinya, anatipatsa mankhwala akumwa a masiku 5, ndipo panaphwa. Tsitsi litakula ndinayamba kumuluka, kabowoko kanabisika, ine n'kuiwalako.

## Malungo osatha

Ali ndi zaka 3 ndi miyezi ingapo, m'kati mwa dzinja, anatentha thupi n'kumalira mutu. Anamubaya chala, mizere iwiri, LA. Anapezako bwino sabata imodzi. Kenako thupi linatenthanso, anamubayanso chala, mizere iwiri, LA wina. Palibe amene anadabwa, ngakhale ineyo. Mwezi wa February, udzudzu uli ponseponse, mwana wotentha thupi angadwalenso chiyani?

Koma ulendo wachitatu zinthu zinasintha. Ankasanza m'mamawa asanadye kanthu, kusanza kochita kulumpha. Mutu ankaupendeketsa mbali imodzi ngati nkhuku yomvetsera. Akamayenda ankadzandira, miyendo atatangadza, moti mkulu wake ankamuseka kuti waledzera. Akafuna kutola mbamu ya nsima dzanja linkapitirira mbale. Anthu oyandikana nawo anayamba kulankhula zoti waponda mankhwala, ndipo apongozi anali atayamba kale kufunsira za munthu wodziwa kutema mphini.

Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti kachipangizo koyezera malungo kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira kale, chifukwa chimene kamafufuza chimatsalira m'magazi. Ndinamvanso kuti kumadera ngati kwathu ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi pamene chowadwalitsa chili china. Ofufuza a ku Blantyre, motsogozedwa ndi Terrie Taylor, anasindikiza mu 2004 zimene anapeza atayeza matupi a ana 31 omwe onse anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo: 7 mwa iwo chinawapha chinali china. Malungo amapha ana, zimenezo sitikangana. Koma amakhalanso bulangete lofunditsa matenda ena.

## "Mayi, masulani tsitsili"

Tinafika ku chipatala chachikulu cha m'boma lathu madzulo, mwana ali lefu, akungogona, khosi louma. Anamuika dripi. Cha m'ma 9 koloko usiku kunabwera dokotala wachinyamata, wochepa thupi, amene m'mtima mwanga ndinamuderera kuti mwana wa sukulu uyu atithandiza chiyani. Anati akuganizira matenda oumitsa khosi ndipo atenge madzi a pamsana. Anesi anabweretsa thireyi, anamugoneka Mami chammbali, ine ndagwira miyendo.

Asanayambe, anaika dzanja kunsi kwa mutu wa mwana kuti aonenso kuuma kwa khosi. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anatulutsa dzanja lija, nayang'ana chala chake, nachinunkhiza.

"Mayi, masulani tsitsili."

Ndinakwiya, ndisaname. Mwana akufa, iye akufuna tsitsi. Ndinati, "Adokotala, tsitsi lalakwanji?"

"Masulani, mayi. Anesi, ndipatseni lezala."

Ndinamasula zingwe ziwiri za kumbuyo manja akunjenjemera. Anameta kagawo kakang'ono, nayatsa tochi ya foni. Kabowo kaja kanali pomwepo, konyowa, titsitsi take titatu tili njo.

"Ichi chayamba liti?"

"Anabadwa nacho. N'chibadwa."

"Chimatuluka zinthu?"

"Nthawi zina."

"Mumafinya?"

Ndinangogwedeza mutu. Sanandikalipire. Anafunsa za kayendedwe kake, ndinamuuza za kudzandira. Anafunsa ngati amasanza m'mawa. Anatenga kachipangizo kounikira m'maso n'kuwerama nthawi yaitali, diso ili, diso linalo. Ataweramuka anauza anesi kuti, "Bwezani thireyi. Uyu sitimubaya pamsana." Anasintha mankhwala a mu dripi, natuluka panja ndi foni yake. Ndinkamumva pakhonde akulankhula Chingerezi mofulumira, mawu amene ndinagwirapo anali "Queens" ndi "ambulansi".

Atabwerera anakhala pamphepete pa bedi, zimene sindinaonepo dokotala akuchita. Anati, "Mayi, ndikuganiza kuti kabowo aka sikathera pakhungu. Kali ndi njira yolowa m'kati mwa mutu, ndipo tizilombo tadutsa pamenepo. Mwina m'katimo muli mafinya. Ine pano sindingaone. Mupite ku Blantyre kukacha."

Zonsezi sizinathe mphindi 20. Ndabwereza mphindi zimenezo m'mutu mwanga kosawerengeka. Dzanja lake likanatsika pang'ono chabe, kapena tsikulo kabowoko kakanakhala kouma, akanabaya.

## Za madzi a pamsana

Apa ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa zimene ena mwayamba kuganiza: "Si izo, madzi a pamsana amapha." Nkhani imeneyi ili ponseponse m'mawodi athu, ndipo ndaonapo makolo akuthawitsa mwana usiku poopa singanoyo. Musanditengere kumeneko. Kutenga madzi a pamsana ndi njira yodziwira matenda oumitsa khosi, ndipo kwapulumutsa ana ambiri. Kawirikawiri amene amamwalira atatengedwa madziwo amakhala kuti anafika matenda atakula kale.

Vuto limakhalapo pamene m'mutu muli chinthu chopanikiza ubongo, monga thumba la mafinya, makamaka chakunkhongo kumene malo ndi ochepa. Mukachotsa madzi kumunsi, ubongo wopanikizikawo ungathe kukankhikira pansi, pa bowo lomwe chigaza chimakumana ndi msana, n'kufinya mbali imene imayendetsa kupuma. N'chifukwa chake anaunika m'maso. Kumbuyo kwa diso kumaoneka mtsempha wochokera ku ubongo, ndipo ukatupa ndiye kuti m'mutu mwathina. Mnyamata uja sanakane singano. Anadziwa mwana amene sayenera kubayidwa.

## Mphete pa chithunzi

Ku Queens anamujambula sikani ya CT, atamubaya kaye mankhwala opangitsa kuti malo odwala aoneke bwino. Dokotala wa opaleshoni ya ubongo anatiitana ine ndi bambo ake, natembenuzira kompyuta kwa ife. Ngakhale ine wosadziwa kuwerenga zithunzi zoterezi ndinaiona: mphete yowala, m'kati mwake mwakuda, kukula ngati dzira la nkhunda kapena kuposa. Pambali pake panali kathumba kena. Ndipo pa fupa la kunkhongo panali kampata kakang'ono.

Anatenga pepala n'kujambula. Anati mwana akamayamba kuumbika, pakati pa sabata yachitatu ndi yachisanu, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima, khungu ndi ubongo zimachokera pa nsalu imodzi. Mbali ya pakati imapindika n'kukhala kapaipi komwe kadzakhale ubongo ndi mtsempha wa msana, kenako imalekana ndi khungu. Nthawi zina pa malo amodzi sizilekana bwinobwino. Pamatsala kanjira koyalidwa khungu, kochokera kunja mpaka m'kati, ndipo fupa likamakula limangokazungulira. Kumapeto kwa kanjirako kumatha kukhala kathumba, komwe madokotala amakatcha dermoid cyst. Popeza ndi khungu, kamachita zimene khungu limachita: kumeretsa tsitsi, kutulutsa mafuta, kufundula. Chambiko ndinkafinya chija chinali chimenecho.

Kathumbako pakokha si khansa. Koma kanjirako ndi khomo losatseka. Tizilombo tomwe timakhala pakhungu la munthu aliyense, makamaka totchedwa Staphylococcus aureus, timatsika nako, timapeza chakudya m'kathumbamo, timaswana. Ana ena amadwala matenda oumitsa khosi mobwerezabwereza. Kwa Mami tinalowa mu ubongo waung'ono wa kunkhongo, umene umathandiza munthu kuima bwino ndi kulunjika dzanja pa chinthu. Kudzandira kuja ndi kuphonya mbale kuja kunachokera apo. Thupi poyesa kudziteteza limamanga khoma kuzungulira mafinyawo, pafupifupi m'masabata awiri, ndiye mphete ija.

Panalinso china. Ubongo umapanga madzi nthawi zonse, kwa munthu wamkulu pafupifupi theka la lita patsiku, ndipo amatuluka kudzera pa kanjira kopapatiza kodutsa kutsogolo kwa ubongo waung'onowo. Thumba la mafinya linali litakatsamira. Madzi ankadzadza kumtunda. Kwa khanda loti liwombo silinatseke, mutu umakula ndipo anthu amaona. Kwa mwana wa zaka 3 chigaza chagwirana kale, ndiye mutu sukula, amangosanza, kulira mutu ndi kugona.

Bambo ake anafunsa ngati jakisoni yekha sangathe. Dokotala anati mafinya ochepa nthawi zina amatha ndi mankhwala, koma akapitirira masentimita awiri ndi theka nthawi zambiri amafunika kuchotsedwa, chifukwa mankhwala savutika kufika pakhoma koma m'kati mwa mafinya sagwira bwino ntchito. Ndipo ngakhale mafinya atauma, kathumba ndi kanjira zikatsala, matendawo adzabweranso.

## Ku fiyeta

Anasaina ndi bambo ake. Ine dzanja linakana.

Anayamba ndi kuika kapaipi kumtunda kwa mutu kotulutsa madzi aja kuti m'mutu mupepuke. Kenako anamugoneka chafufumimba, anadula khungu mozungulira kabowoko, n'kukatsatira mpaka pa fupa, kutsegula fupa, kukatsatirabe m'kati. Anatiuza kuti chofunika ndi kuchotsa njira yonse, osasiyako chidutswa, komanso osakoka mwachisawawa chifukwa pafupi pomwepo pali mitsempha ikuluikulu yotulutsa magazi mu ubongo.

Za maola amene tinadikira sindinena zambiri. Ndinakhala pa simenti, apongozi ali pambali panga, ndipo tsiku limenelo sanatchule za mphini.

Dokotala atatuluka anati apopa mafinya, achotsa kathumba, ndipo m'kati mwake apezamo tsitsi lopiringizana. Tsitsi, m'kati mwa mutu. Bambo ake anabwereza mawuwo kangapo ngati munthu wouzidwa nthano.

Anagona masiku angapo ku chipinda cha odwala mwakayakaya ku Mercy James, nyumba ya opaleshoni za ana imene inatsegulidwa mu 2017 pa Queens pomwepo. Ndinkaganiza za mayi amene mwana wake anadwala zomwezi zaka 20 zapitazo, kumudzi kwathu komwe, kuti anamuika m'manda akuti ndi malungo kapena ufiti, ndipo mpaka lero ndi mmene akudziwira.

## Masabata 6

Ndinkaganiza kuti opaleshoni ndiye mapeto. Ayi ndithu. Mafinya a mu ubongo amafuna mankhwala a mumtsempha kwa nthawi yaitali, kwa ife masabata 6. Anayamba ndi ceftriaxone ndi metronidazole pamodzi ndi wina wolimbana ndi tizilombo ta pakhungu, podikira zotsatira za ku labu. Anatichenjezeratu kuti nthawi zina ku labu sikumera kanthu ngati mwana analandira kale mankhwala, koma kwa ife kunamera Staphylococcus yemwe uja, ndipo anasintha mankhwala kuti alunjike pa iye.

Amene sanakhalepo gadiyani sangamvetse kuti masabata 6 ndi chiyani kwa timitsempha ta mwana wa zaka 3. Kanyula amakhala masiku ochepa, watupa, kufuna pena. Dzanja ili, dzanja ilo, phazi. Anafika poti akangoona yunifolomu yoyera amabisa manja m'khwapa. Sabata yachinayi anali atayamba kudya, kuseka, kulanda zidole za anzake, ndipo achibale anayamba kundiimbira kuti mwana wachira, mukudikiranso chiyani, mbewu kumunda zikuonongeka. Kunena zoona nanenso mtima unkafuna kwathu. Mayi wina wa bedi loyandikana nalo, amene mwana wake anali ndi mafinya a mu ubongo ochokera ku khutu lotuluka mafinya kwa zaka, ndi amene anandigwira mtima. Anati, "Asisi, ife tinathawa ulendo woyamba mwana atayamba kusewera. Uno ndi wachiwiri." Sindinafunsenso za tsiku lotuluka.

Kuyenda anachita kuphunziranso. A fiziyo ankabwera kumuyendetsa pa mzere, kumutoletsa timiyala n'kuponya m'kapu. Asanatitulutse anamujambulanso kuti aone ngati mphete ija yatha komanso ngati madzi akuyenda okha. Ana ena amafunika kuikidwa kapaipi kokhalitsa kochoka m'mutu kupita m'mimba. Iye sanafunike.

## Funso limene ndinasunga

Panali funso limene ndinalisenza masabata onsewo osalitula. Tsiku lomaliza ndinamutsatira dokotala wa opaleshoni uja pakhonde.

"Adokotala, kodi ndine ndinachititsa? Ndinkafinya."

Sanandinamize kuti ndisangalale. Anati kabowoko sikanabwere chifukwa cha chimene ndinadya, kapena kuchita, kapena chimene wina anandichitira. Anati tizilombo tikanatha kulowa ngakhale ndikanapanda kukhudza. Koma anati kufinya, kutokosa ndi kamtengo kapena kuboola ngati chithupsa wamba sikuthandiza, kungathe kukankhira zoipa m'kati. Kenako ananena chimene chimandisowetsabe tulo: kanjira kotere kakadziwika mwana asanadwale, amajambula, makamaka ndi MRI imene imakaonetsa bwino, n'kukachotsa mwana ali bwinobwino. Opaleshoni yake imakhala yopepukirapo, ndipo sipakhala masabata 6 a kanyula.

Ndinamufunsa kuti ndiye mayi adziwa bwanji. Anati ayang'ane mzere wa pakati pa thupi, kuyambira pamphuno, kudutsa pamutu, kunkhongo, kutsika msana wonse. Tinjira totere timapezeka kwambiri kumunsi kwa msana, ndipo tina kunkhongo kapena pamwamba pa mphuno. Kabowo kamene pansi pake sipaoneka, kali ndi tsitsi lotulukira m'kati, kamatuluka madzi kapena zoyera, kali ndi banga lofiira kapena kotupa pansi pake, kameneko akakaonetse. Anawonjezera kuti makanda ambiri amabadwa ndi kadzenje kosaya m'kati mwa mpata wa matako, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, ndipo nthawi zambiri kameneko kalibe vuto. Kokayikitsa ndi kamene kali pamwamba pa mpatawo.

Chimandiwawa n'chakuti zimenezi zimatheka kunena m'mphindi imodzi. Ku sikelo timaimba nyimbo za phala la magulu 6, za katemera, za kulera. Ndinapitako kwa zaka 3 mwana atavala chipewa. Sindikuloza chala anthu a zaumoyo, amakhala awiri pa amayi 100 dzuwa lili pamutu. Komabe funso limodzi, loti "pali china chachilendo pathupi la mwanayu chimene anabadwa nacho?", ndikanaliyankha. Ndikanaseka, ndikananena za chidindo cha kwawo, koma ndikanavula chipewacho.

Dokotala wachinyamata uja ndinakamufunafuna titabwerera, nditanyamula nkhuku. Anandiuza kuti anasamutsidwa. Nkhukuyo anadya anesi.

## Chipsera

Mami ali ndi chipsera chochoka pakati pa nkhongo kutsikira m'khosi, ndipo pamenepo tsitsi silimera. Ndikamamuluka ndimadutsitsa chingwe chimodzi pamwamba pake. Akatopa kwambiri phazi lamanzere limakokerabe pang'ono, koma amene sakudziwa sangaone. Anzake amawauza kuti anamenyana ndi fisi.

Chaka chatha mlamu wanga anabereka mwana wamwamuna. Tinapita kukaona khandalo ndi apongozi. Atangolilandira, asanafunse n'komwe kuti akulemera bwanji, analivula chipewa, kulitembenuza, kuyendetsa chala kuyambira kunkhongo mpaka kumunsi kwa msana, mayi wake akungodabwa. Atakhutira analibweza.

Pobwerera, tili m'njira, anayenda kanthawi osalankhula. Kenako anati, "Amake Mami, za malemu agogo ake zija, ndakhala ndikuganiza. Chija sichinali chibowo ayi. Inali njerewere."